Ndi foto kapena ndi penti? Za a Ran Ortner ndi luso lojambula nyanja ngati yeniyeni

Pali zithunzi zina zimene zikangoponyedwa pa Facebook kapena mu gulu la WhatsApp mkangano umabuka pompo. Mafunde okhaokha a panyanja yamchere, obiriwira motuwa, thovu lili mbuu, nde pansi pake wina walemba kuti iyi si foto ayi, munthu wachita kupenta ndi burashi. Wina amati bodza, ndi kamera imeneyo, wina amati ndi AI basi, koma pamakhala wachitatu amene funso lake ndi lomveka kwambiri, amati chabwino tavomera kuti wapenta, nanga munthu angatayirenji miyezi kupanga chinthu chimene foni imapanga pa sekondi imodzi? Funso limeneli ndi lakale kuposa mmene ambiri timaganizira, ndipo kuti tilimvetse bwino tiyeni titenge munthu mmodzi amene moyo wake wonse wa ntchito wagona pa kupenta madzi, a Ran Ortner a ku America.

Bamboyu ndi ndani

A Ortner anabadwa mu 1959 ku San Francisco koma anakulira kumudzi ku Alaska, dera lozizira koopsa lija, komwe banja lawo linasamukira iwo ali mwana. Sanayambire ku zojambula. Pa unyamata wawo ankapikisana pa mijaha ya njinga zamoto mpaka ngozi inawasiyitsa, komanso ankasewera masewera aja oimirira pa thabwa funde nkumakukankha, amene amati surfing. Apa musapaphonye chifukwa ndi pamene pagona zambiri. Munthu wa surfing saonera nyanja atakhala pa mchenga, amakhala m'madzi mwenimwenimo, chifuwa pa thabwa, maso ali pafupi ndi madzi, akudikira funde uku akuliwerenga kuti lidzukira pati ndipo lisweka liti, nde zithunzi za bamboyu zimaoneka ngati wojambulayo anali pamalo amenewo, osati kumtunda. Ntchito yawo amagwirira ku Brooklyn, mu mzinda wa New York.

Dzina lawo linamveka mu 2009 atapambana mpikisano wa ArtPrize ku Grand Rapids, m'chigawo cha Michigan, ndi chithunzi chotchedwa Open Water No. 24, mphoto yake madola 250,000. Mu 2011 lesitilanti yotchuka ya zakudya za m'nyanja ku New York, Le Bernardin, itakonzedwanso, anapachikamo chithunzi chawo china, Deep Water No. 1, chotalika mamita opitirira 7. Za mpikisanowo tibwererako, kaye tione kumene luso limeneli linachokera.

Zithunzi za nyanja zinayamba bwanji

Kale ku Ulaya nyanja payokha sinali nkhani yoti munthu nkuipentera chithunzi. Inkangokhala kumbuyo kwa nkhani ina, kaya Yona akuponyedwa m'madzi, kaya Yesu akuletsa namondwe. Zinasintha ku Netherlands m'zaka za m'ma 1600, dziko limene chuma chake chinkabwera pa zombo, nde amalonda ndi akuluakulu a asilikali a pamadzi ankafuna zithunzi za zombo zawo pakhoma. Odziwika kwambiri anali Willem van de Velde awiri, bambo ndi mwana wake, ndipo bamboyo ankachita kukwera kaboti nkupita pafupi ndi pamene zombo zikumenyana kuti akajambule zimene akuona. Cha mu 1672 anasamukira ku England komwe mfumu Charles II inkawalipira mapaundi 100 pachaka aliyense ndipo inawapatsa malo ogwirira ntchito ku Greenwich. Koma mu zithunzi zawo mwini nkhani anali chombo, madzi anali pongokhalira chombocho.

Chimene chinachitika m'zaka zotsatira, mukachiyang'ana bwino, ndi kuchotsa zinthu chimodzichimodzi. J. M. W. Turner wa ku England, amene anamwalira mu 1851, anayamba kumiza zombo zija mu nkhungu ndi chimphepo mpaka umachita kufunafuna kuti chombo chili pati. Ivan Aivazovsky wa ku Feodosia, ku Crimea, anapenta zithunzi pafupifupi 6,000, zambiri za nyanja, ndipo sankakhala pagombe ndi burashi, ankapenta m'nyumba kuchokera pa zimene wasunga m'mutu. Winslow Homer wa ku America anakakhazikika ku Prouts Neck m'chigawo cha Maine mu 1883, pagombe la miyala, ndipo pali chithunzi chake cha mu 1895 chotchedwa Northeaster chimene poyamba chinali ndi amuna awiri ataima pa thanthwe, kenako patapita zaka zochepa iye anawafufuta nkusiya thanthwe ndi funde basi. Chombo chinachoka, anthu anachoka, panatsala gombe ndi thambo. A Ortner ndi ena a masiku ano anachotsanso zimenezo.

Realism ndi chani kwenikweni

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonekera chifukwa dzinali limagwiritsidwa ntchito pa zinthu ziwiri zosiyana. Poyambirira, ku France, silinkanena za kusalala kwa chithunzi ayi. Gustave Courbet ankakana kupenta angelo ndi milungu ya Agiriki, ankapenta anthu oswa miyala ndi maliro a kumudzi kwawo, ndipo mu 1855 zithunzi zake zina zitakanidwa pa chionetsero chachikulu cha ku Paris anamanga malo akeake nkuonetsa yekha. Kwa iye nkhani inali yoti upente zimene zilipodi pamaso pako. Mu 1869 ali ku Étretat, tauni ya m'mbali mwa nyanja ku France komweko, anapenta mafunde ambirimbiri, penti wake wokhuthala, wina womata ndi kampeni kosakanizira penti, moti palibe amene angaganize kuti ndi foto.

Masiku ano anthu akamati realism nthawi zambiri amangotanthauza kuti chithunzicho chikufanana ndi chinthu chenichenicho, funde likuoneka funde. Nde pali chinanso chachitatu, photorealism, chimene chinayamba ku America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi anthu ngati Richard Estes ndi Chuck Close. Awa cholinga chawo chinali kukopera foto dala, ndi zonse zimene kamera imachita, olo pamene yasokoneza, ndipo ambiri ankabisa mikwasa ya burashi kuti isaoneke. Zithunzi za a Ortner zili pakati. Ukaima patali ndi madzi enieni, ukasendera pafupi funde lija limabalalika nkusanduka mizere ndi madontho a penti. Pa foni mbali yachiwiriyi sioneka, nchifukwa chake mikangano ya pa intaneti sikutha, aliyense akuweruza kachithunzi kakang'ono kuposa chikhatho.

Nanga kamera

Kamera itabwera mu 1839 nyanja inali chimodzi mwa zinthu zoivuta kwambiri, chifukwa inkafuna nthawi yaitali kuti igwire chithunzi pomwe madzi sadikira munthu, mafunde ankangotuluka ngati utsi. Cha mu 1857 Gustave Le Gray wa ku France anatchuka ndi mafoto a nyanja ooneka bwino, koma pa ena mwa iwo ankajambula thambo palokha, madzi paokha, kenako nkulumikiza ziwirizo potsuka, chifukwa kuwala kokwanira thambo kunkadetsa madzi. Ndekuti ngakhale foto ya nyanja, kuyambira pachiyambi pomwe, inali ndi dzanja la munthu mkati.

Ojambula ambiri a masiku ano amene amapenta madzi mwatsatanetsatane amagwiritsa ntchito mafoto, ndipo sabisa. Chifukwa chake nchosavuta kumva, funde silikhala mmene lilili olo kwa sekondi imodzi, diso silingagwire mmene thovu lang'ambikira pamsana pake. Vija Celmins, mayi wobadwira ku Riga, ku Latvia, mu 1938 amene anakulira ku America, anayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kujambula pamwamba pa nyanja ndi pensulo yokha, kuchokera pa mafoto amene ankajambula ku Venice, ku California, kafunde kalikonse pakokha, opanda gombe opanda thambo. Kusiyana kwake ndi kamera ndi kwakuti kamera imagamula zonse nthawi imodzi ndipo siisankha, pomwe wopenta amagamula kachigawo kalikonse payekha, apa ndidetse, apa ndichotse, funde ili ndilikweze, ili la mu foto ina ndilibweretse apa. Ena amaona kuti zimenezi ndi zokwanira kuti chithunzicho chikhale chake cha wopentayo, ena amati ayi bola Aivazovsky amene ankatulutsa nyanja m'mutu. Onse ali ndi mfundo.

Madzi amapentedwa bwanji poti alibe mtundu

Kwa ine gawo ili ndi limene limandigwira mtima, chifukwa ukalimvetsa suonanso madzi ngati kale. Madzi a mu kapu alibe mtundu, nde wopenta akupenta chani? Akupenta zinthu zitatu zosanjikizana: thambo limene likuonekera pamwamba pa madzi ngati pa galasi, kuwala kumene kwalowa m'madzimo nkubwerera, ndi zimene zili pansi kapena zoyandama mkati.

Amene munakwerapo bwato ku Nkhata Bay kapena ku Cape Maclear mukuzidziwa kale izi. Ukayang'ana pansi penipeni pambali pa bwato umaona miyala ndi mbuna zikuyenda, koma ukadzutsa maso nkuyang'ana patali, madzi omwewo saonetsanso za pansi, amangoonetsa thambo. Chifukwa chake nchakuti ukayang'ana madzi molunjika kuchokera pamwamba amabweza kuwala kochepa zedi, pafupifupi magawo 2 pa 100 alionse, kotsalako kumalowa, koma ukawayang'ana chopendekera kwambiri amabweza pafupifupi konse. Tsono funde si lathyathyathya, lili ndi nkhope zambirimbiri, ina yakuyang'ana iwe, ina yapendekera kumwamba, ina yatembenukira kumbali, ndipo pa funde lalikulu pamakhalanso timafunde ting'onoting'ono tili ndi nkhope zakenso. Nkhope imene yakuyang'ana imakhala yakuda chifukwa ukuona mkati mwa madzi, imene yagona imawala chifukwa ukuona thambo. Wopenta akalakwitsa kamodzi kokha, kuika kowala pamene pamafunika pakuda, diso la munthu wamba limazindikira msanga kuti pali chalakwika olo sangathe kunena kuti nchani, madziwo amaoneka ngati pulasitiki kapena nsalu yokwinyika.

Mtundu nawo uli ndi chifukwa chake. Madzi amameza kuwala kofiira msanga kuposa kwa buluu, nchifukwa chake nyanja yakuya imaoneka yabuluu modera, pomwe pansonga pa funde, pamene madzi apyapyala ndipo dzuwa likudutsa, pamaoneka pobiriwira mowala. Thovu ndi loyera chifukwa ndi timabaluni ta mpweya tosawerengeka timene timamwaza kuwala mbali zonse, koma wopenta wodziwa sapaka penti woyera yekhayekha, thovu lili ndi mithunzi yake, yotuwa, yabuluu, pena yofiirira pang'ono. Ndipo thovu lomwelo ndi limene limauza diso mmene funde lapindikira, chifukwa mizere yake imakwera ndi kutsika motsata msana wa madzi.

Zonsezi zimapangidwa ndi penti wa mafuta, amene ndi ufa wa mtundu wosakaniza ndi mafuta a mbewu, kawirikawiri a linseed. Penti ameneyu sauma ngati wa madzi amene timapaka m'nyumba, amalimba pang'onopang'ono akamakhudzana ndi mpweya, masiku angapo pena masabata, nde wopenta amayala gawo loyamba, kudikira, kuyalanso lina lopyapyala loonekera mkati pamwamba pake, kudikiranso, mpaka kuwala kukamagwa pa chinsalucho kumadutsa magawo angapo kenako nkubwerera, mofanana ndi mmene kumachitira m'madzi enieni. Pali lamulo lakale loti gawo lapamwamba likhale ndi mafuta ambiri kuposa lapansi, apo ayi lapamwamba limauma msanga nkung'aluka. Olo penti woyera ali ndi nkhani yake. Akale ambiri ankagwiritsa ntchito woyera wopangidwa ndi mtovu, amene ndi poizoni koma amaonekera mkati pang'ono ndipo ndi wofunda m'maso, kenako cha m'ma 1920 kunabwera wa titanium, wotetezeka koma wophimba kwambiri, ndipo mpaka lero alipo ojambula amene amasakabe wa mtovu uja chifukwa cha mmene amachitira ndi kuwala.

Chizimezime chinapita kuti

Chinthu chimene chimasiyanitsa a Ortner ndi ojambula nyanja ambiri ndi chimene mulibe mu zithunzi zawo. Mulibe boti, mulibe munthu, mulibe gombe, mulibe thambo, mulibenso mzere uja wa kuchizimezime pamene madzi amakumana ndi mitambo. Madzi kuyambira pamwamba mpaka pansi, kumanzere mpaka kumanja. Zikuoneka ngati zazing'ono koma mzere umenewo ndi umene umauza thupi lako kuti waima pati ndipo kumwamba nkuti, ndipo boti kapena munthu ndi amene amakuuza kukula kwa funde. Zikachoka sudziwanso ngati funde ili ndi lolekeza m'mawondo kapena ndi lotalika ngati nyumba, ndipo palibe pouma poti uimepo.

Kukula kwa chinsalu kumawonjezera. Open Water No. 24 ndi pafupifupi mamita 5.8 m'litali ndi mamita 1.8 kupita m'mwamba, ndekuti msinkhu wa munthu wamtali, ndipo ukaima pafupi maso ako sakwanitsa kuona m'mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Ndi zinsalu zitatu zolumikizana, kachitidwe kamene kanatchuka kale ndi zithunzi za paguwa m'matchalitchi a ku Ulaya, komanso kamathandiza kuti chinthu chachikulu chonchi chithe kutuluka pakhomo ndi kukwera galimoto. Nde chodabwitsa nchakuti chithunzi chimene anthu amati chikufanana kwambiri ndi chenicheni chimayandikiranso ku zithunzi zija zopanda chinthu chodziwika, za anthu ngati Jackson Pollock, zimene penti amadzaza paliponse mofanana popanda malo amodzi oti diso lipumirepo.

Mpikisano wa mavoti

ArtPrize inayambitsidwa ndi Rick DeVos mu 2009 ndipo inali yachilendo pa chifukwa chimodzi, wopambana sankasankhidwa ndi akatswiri koma ndi anthu wamba amene abwera kudzaona, kuvota pa foni kapena pa intaneti. Chaka choyambacho analowa ojambula 1,262, ntchito zawo zitamwazikana m'nyumba zosiyanasiyana za mu mzindawo, ndipo anthu anasankha nyanja ya a Ortner. Zaka zotsatira mavoti anapitanso ku ntchito zazikulu zooneka thukuta lake, mu 2010 chithunzi chachikulu cha pensulo cha Chris LaPorte cha asilikali a pa akavalo, mu 2012 njovu za Adonna Khare, nazonso za pensulo.

Apa mbali ziwiri zinaonekera. Ena ankati voti ya anthu imakondera zinthu zimene munthu angazimvetse pa miniti imodzi, zazikulu, zofanana ndi zenizeni, zoti ukaziona umangoti koma munthuyu wavutika, pomwe ntchito zofuna kuganizira zimadutsidwa. Ena ankayankha kuti akatswiri nawo ali ndi zokonda zawo, kwa zaka zambiri akhala akunyoza luso la manja ngati chinthu chachikale, nde nchifukwa chani kagulu kochepa kazigamulira anthu onse chimene chili chabwino. Okonza mpikisanowo anamva mbali zonse, anabweretsa mphoto za majaji, ndipo pofika 2014 panali mphoto zazikulu ziwiri zofanana, madola 200,000 ya anthu ndi 200,000 ya majaji. Chaka chomwecho Anila Quayyum Agha anapambana ya anthu nkugawananso ya majaji ndi wojambula wina, kusonyeza kuti pena mbali ziwirizi zimakumana.

Zimene sizinayankhidwebe

Loyamba ndi lija tinayamba nalo koma pano lakula. Kale wopikisana ndi wopenta anali kamera, pano kompyuta ikutha kutulutsa chithunzi cha funde limene silinakhaleko, pa masekondi ochepa, ndipo pa sikirini ya foni kusiyanitsa nkovuta. Kodi zimenezi zichititsa kuti chithunzi cha manja chikwere mtengo chifukwa chikusowa, kapena anthu azolowera kuona mafunde okongola paliponse mpaka asiya kudabwa? Ndipo ngati mphamvu ya chithunzi chotere imamveka pokhapokha utaima patsogolo pake, nanga anthu mamiliyoni amene sadzafika ku New York kapena ku Grand Rapids, amene adzachionere pa foni basi, akuona ntchito yomweyo kapena ina?

Lina ndi la thukuta. Tikamva kuti chithunzi chatenga miyezi timachilemekeza, koma kodi nthawi imene munthu wataya ndi mbali ya ubwino wa chithunzicho, kapena ndi nkhani chabe imene timauzidwa pambali? Courbet ankamata funde ndi kampeni, Celmins ankakhala pa kafunde kalikonse ndi pensulo, ndipo onse ali m'nyumba zazikulu zosungira zithunzi.

Palinso funso la tanthauzo. Masiku ano munthu akaona nyanja yolusa yopanda gombe maganizo amathamangira ku kusintha kwa nyengo, kukwera kwa madzi, anamondwe, enanso amaganiza za anthu amene amamira powoloka nyanja pofuna moyo wabwino. Mu chithunzimo mulibe chilichonse chonena zimenezo, muli madzi okha. Ena amati ndi ubwino wake umenewo, aliyense amalowamo ndi zake, ena amati chithunzi chimene chingapachikidwe mu lesitilanti yodula popanda kusowetsa mtendere munthu aliyense ndekuti sichikunena kanthu. Ndipo poti chombo chinachoka, anthu anachoka, gombe ndi thambo zinachoka, wojambula nyanja wobwera pambuyo pa a Ortner atsala ndi chani choti achotse, kapena ayamba kubwezeretsa?